Tsamba la Makutu Akuluakulu

Zaka zitatu zinali zitatha chikwatiwireni Keziya kwa Ankhonde, kumpoto kwa boma la Karonga, koma nkhope ya apongozi ake aamuna anali asanaionetsetse. Kwawo ku Vinthukutu ulemu unaliko, koma osati wotere. Kuno mtengwa sayang'ana apongozi, satchula dzina lawo, salankhula nawo. Akangomva belu la njinga yawo, ankafunda chitenje kumutu n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Za apongozi akewo, a Reginald Mwandenga, ankangodziwa katsokomoledwe kawo, nsapato zawo zakuda, ndi zoti m'nyumba mwawo munali mabuku ambiri kuposa a kusukulu komwe iye analekezera Sitandade 4.

Mwamuna wake Manase, asanapite ku Joni, anamufotokozera za mabukuwo. Bambo akewo anali kalaliki wa pamishoni. Laibulale ya pamenepo itatsekedwa, iwo anatola magazini akale omwe ankati awotchedwe. Manambala osowa anawasaka zaka khumi, ina kwa m'busa wa ku Chitipa, ina kwa mayi wamasiye amene ankafuna kupichirira fodya. Kenaka anawasoka okha, chaka chilichonse pachokha, ndi ulusi wa ukonde.

"Palibe tsamba losowa ngakhale limodzi," ankatero Manase. "Nyumba itapsa, angayambe atulutsa amenewo, ine pambuyo."

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, chaka cha 1971, apongoziwo analawirira ku boma. Dzuwa lisanakwere kunagwa chimvula champhepo chomwe chinasasula udzu wa denga lawo. Mvula itakata, Keziya anaona madzi akutuluka pansi pa chitseko ngati ngalande ya m'munda wa mpunga. Apongozi aakazi anamwalira kale, mlamu wake Dora anali kumaliro. Anaima pakhomopo kwa kanthawi, mwana wake Esnart ali kumbuyo. Kenaka anati, "Chanyowa chimayanikidwa, basi," n'kukankha chitseko.

Anayala mikeka yonse yoyanikira mpunga pabwalo, m'mbali mwa msewu momwe dzuwa limawomba bwino. Buku lililonse analitsekula ponyowa kwambiri n'kulipsinja ndi mwala. Chingerezi sankachimva, ndiye sanavutike n'kuwerenga. Chithunzi chimodzi chokha, pa mkeka wachitatu, n'chomwe chinamuimitsa: amuna awiri a masuti akugwirana chanza, mmodzi wa makutu akuluakulu ngati a Esnart. Anaseka yekha, n'kupitiriza ntchito.

Masana belu linalira. Keziya anathawira kuseri kwa nkhokwe, mtima uli m'malo, akudikira kumva kuti wachita bwino. Chomwe anamva ndi njinga ikugwa pansi.

Apongozi akafuna kuti mtengwa amve kanthu Dora kulibe, ankalankhula ndi nthochi ya pafupi ndi nkhokwe. Leronso anatembenukira nthochiyo.

"Nthochi iwe, wandipha. Pa mkeka wachitatupo, amene ali kumanjayo ndine. Winayo anadzakhala nduna, ndi mmodzi wa aja anathawa dziko. Hudson ali m'mbuyo mwangamu, akuyendera makhadi a chipani."

Hudson anali wapampando wa chipani m'mudzimo. Chaka chatha mphunzitsi wina anatengedwa chifukwa cha kalendala yakale yokhala ndi nkhope ngati imeneyo, ndipo mkazi wake mpaka pano ankangoyang'ana kumsewu. Nanga chithunzi chogwirana chanza? Ndipo anachiyanika ndi iye mwini, n'kuchipsinja ndi mwala kuti mphepo isachitseke.

Apongozi anangoponya phazi limodzi kulowera kumkekako, odi n'kumveka.

"Mwaghona, a Mwandenga. Kodi mwatsekula sitolo?" anatero Hudson powalonjera m'Chinkhonde, akuwagwira dzanja osalitaya. "Anthu amati muli ndi mabuku, ine ndimayesa Baibulo ndi la nyimbo. Zonsezi munawerenga ndi maso awiri omwewa?"

"N'zakale izi, a tcheyamani. Za mishoni."

"Zakale n'zimene zimakoma. Tiyeni mundionetse, nanenso ndichenjereko."

Posuzumira pampata wa nkhokwe, Keziya anaona nsapato zinayi zikuyenda m'mbali mwa mkeka woyamba. Hudson anawerama, natola kabuku ka nyimbo za Chinkhonde.

"Gwirani bwino," anatero apongozi. "N'kosindikizidwa koyamba kameneko. Ena onse anadyedwa ndi chiswe."

"Nanga sakuimba nyimbo zomwezi kutchalitchi? Chasiyana n'chiyani, fungo?"

Nsapato zija zinafika pa mkeka wachiwiri.

Keziya anamasula Esnart kumbuyo. Chitenje chomwe akanafunda kumutu anachisiya pansi. Anatuluka mutu uli pamtunda, n'kudutsa pakati pa amuna awiriwo, pafupi moti mpendero wa siketi yake unakhudza nsapato yakuda ija.

Hudson anabwerera m'mbuyo ngati waponda moto. Anayang'ana a Mwandenga, anayang'ana kumwamba, anayang'ana njinga. Mwamuna wa Chinkhonde sakanatha kuonerera zoterozo.

"Mayi, apongozi anu ali pano," anatero motsitsa, nkhope atatembenuzira kumsewu.

"Mwana wadziipitsira, a tcheyamani. Ndidikire mpaka mumalize kuwerenga?"

Anagwada pa mkeka wachitatu, nachotsa mwala, n'kung'amba tsamba la chithunzi lija. Pepala lonyowa silichita phokoso pong'ambika, koma iye anamva apongozi akukoka mpweya ngati wawabaya. Analifinya, napukutira mwana amene analibe kanthu kalikonse, n'kupita nalo kuchimbudzi osathamanga. Analiponya m'dzenje, nathirapo phulusa.

Potuluka anapeza Hudson akupukusa mutu.

"Zaka zanu zonse zija, a Mwandenga, mpongozi akupukutira mwana, inu muli chiimire. Awa ndiwo akazi a kumwera kwa mtsinje wa Rukuru. Mukanatifunsa ife." Sanafunsenso khadi. Anachoka mofulumira, nkhani ikumuyabwa pakamwa, ndipo Keziya anadziwa kuti dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala utamva kuti mkazi wa Manase alibe mwambo.

Keziya anabwerera kuseri kwa nkhokwe, nafunda chitenje chake. Anamva apongozi akugwada pa mkeka, akutembenuza masamba mmodzimmodzi, kupita kutsogolo, kubwereranso, ngati lingapezeke.

Patapita nthawi apongoziwo anatsokomola.

"Nthochi iwe. Nambala imeneyi ndinaipitira ku Chitipa pa njinga, masiku anayi. Ina kulibe." Anatseka bukulo. "Chithunzi changa china ndilibenso."

Keziya analuma chitenje.

"Umuuze mayi wa Esnart kuti akabwera akuluakulu kudzafunsa za mwambo, ndiyankha ndine. Umuuzenso kuti mawa ayanikenso, sanaume. Koma kuseri, kukhola la ng'ombe."

Keziya anayang'ana mwana wake, nagwira khutu lake limodzi.

"Esnart," anatero mokweza pang'ono, "uwauze agogo ako kuti ndamva. Uwauzenso kuti usiku uno asankhe okha ena onse okhala ndi nkhope. Ine sindiwadziwa anthu amenewa, ndipo mwana sangadziipitsire kawiri."