Akuti Angodwala Pang'ono

Bwana wa kuntchito kwa mlamu wanga anafika masana, ine ndi mng'ono wanga tikuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Anali bambo wonenepa, wa tayi yofiira, wonunkhira perefyumu ngati akupita ku ukwati. Anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a galimoto.

"Mayi, musadandaule," anauza mng'ono wanga. "Amuna anu angodwala pang'ono. Tiyeni tikawaone kuchipatala."

Mng'ono wanga anakhulupirira. Akanakayikiranji munthu wovala tayi? Anathamangira m'nyumba, n'kuthira tiyi m'fulasiki, n'kutenga mswachi, thaulo ndi masilipasi a mwamuna wake. Bwanayo ankangoyang'ana akulongedza zonsezo m'chikwama.

M'galimoto anayatsa wailesi. Tisanapite patali foni yake inalira, ndipo mawu a woimbayo anatulukira m'masipika, tonse tikumva.

"Bwana, apolisi akufunsa. Mkazi wa wodzipha uja mwamuuza kale?"

Bwanayo anayamba kudinadina mabatani ngati akuzimitsa moto ndi zala. Mng'ono wanga sanalire. Anangoti, "Imani." Anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, chikwama chili pamiyendo. Umu ndi mmene anamvera za imfa ya mwamuna wake, kuchokera kwa munthu wosamudziwa, wailesi ikutsatsa sopo. Ine ndinakhala naye pafumbipo. Bwanayo anatsala m'galimoto akukalipira wa foni uja, ngati kuti wolakwa ndi iyeyo.

Maliro atatha kunabwera akatswiri a zonse. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ngakhale moni amachita kuumira, anakhala pasofa n'kupukusa mutu.

"Koma inu simunaone chilichonse? Munthu mumagona naye chipinda chimodzi!"

Amalume a malemu ankafuna kudziwa ngati panali mkazi wina. Bambo wina anandikokera kukhitchini kuti ndimuuze mmene zinachitikira, maso ali ngwee ngati akufunsa zigoli za mpira. Ndinamusonyeza khomo. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali imeneyo: kuphika, kuchapa, ndi kusonyeza anthu khomo.

Bwana uja anabweranso. Ulendo uno anali ndi maluwa komanso mtsikana wa ku ofesi woti amujambule akupereka maluwawo.

"Kampani yathu ndi banja limodzi," anatero, nkhope atalozetsa ku foni ya mtsikanayo.

Mng'ono wanga sanalandire maluwawo. Panali zimene zinkamusowetsa tulo, ndipo anafunsa modekha.

"Bambo, tsiku limenelo munawaona? Ankaoneka bwanji? Analankhulapo chiyani?"

Bwanayo anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga. "Eee, anali dalaivala wakhama kwambiri."

Mlamu wanga anali wokonza magetsi. Chiwongolero sanachigwirepo chibadwire.

Bwanayo manyazi akanakhala nawo akananyamuka pomwepo, koma anawonjeza ndi malangizo. Anaona chithunzi cha mwana wa malemu pakhoma, mtsikana amene anali atangoyamba kumene sekondale.

"Uyu mungomuuza kuti unali mtima. Ana sachedwa kuiwala."

"Ine munandiuza kuti angodwala pang'ono," anayankha mng'ono wanga. "Tengani maluwa anuwo muzipita."

Anatuluka, mtsikana wa foni ali pambuyo.

Mwanayo atabwera kuchokera kusukulu, mayi ake anamuitanira kuchipinda. Mpaka tsikulo tonse tinkangomuzemba, ndipo anali atayamba kumva zoduladula kwa anzake. Ndinaima pakhomo kuti wina asalowe.

"Bambo ako anadzipha," ndinamva mng'ono wanga akutero. "Ankavutika mumtima, sanatiuze. Chifukwa chake chenicheni ngakhale ine sindikuchidziwa."



"Amayi, kodi ndi chifukwa cha ine? Ndinawayankha mwano Lamlungu lija."

"Ayi, mwanawe. Si iwe. Ndipo ukafuna kufunsa, uzifunsa ine, nthawi iliyonse, ngakhale funso lomwelomwelo."

Pamenepo m'pamene mng'ono wanga analira koyamba osadzigwira, awiriwo atakumbatirana pabedi. Kunja wina anagogoda, akuti wabwera kudzapepesa. Sindinatsegule.