Jekete ya Sajeni Mangulenje

Kachipinda ka Selinah ku Jumeirah Village Circle, ku Dubai, kanali koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Munali bedi, ndowa ndi sutikesi, basi. Kuseri kwa chitseko kunkalendewera yunifolomu ya mwamuna wake m'thumba la pulasitiki. Chinthu chosadyedwa, chosavalidwa, koma chotenga malo ngati mlendo wosadziwa kutsazika.

Selinah ankalera ana a eni nyumbayo ndipo ankatuluka Lamulungu lokha. Akakumana ndi amuna ake kutchalitchi, moni asanathe, nkhani inali yomweyo.

"A Sajeni, nkhondo inatha kalekale. Katundu wanu uja ndimutumiza kwa Wendy ku Balaka akadulemo masiketi."

A Potiphar Mangulenje sankakwiya. Anapuma usilikali zaka zapitazo, ndipo tsopano anali mlonda wa pageti pa nyumba yosungiramo katundu ku Ras Al Khor. Kumene ankagonako amuna anali othithikana, fungo la oyilo ndi anyezi lili tho, n'chifukwa chake yunifolomu inkakhala kwa mkazi wawo.

"Amake Wendy, ndinakuuzani. Msilikali wopuma savala imeneyo kupita kumsika kapena kukadzionetsa ku ukwati wa mnansi. Amavala mu Novembala, tsiku lokumbukira anzathu amene anafera kunkhondo. Amavala pa maliro a msilikali mnzake. Kachitatu amamuveka ena, iye ali m'bokosi."

"Ndiye Novembala wakeyo alipo kuno?"

"Kulibe. Koma Sharifu alipo."

A Sharifu Anubi anali mnzawo kuyambira ku Kongo, kumene anakasungitsa mtendere limodzi. Kumeneko ndi kumene anayamba kachitidwe kawo. Lachisanu a Potiphar ankagwira ulonda wa a Sharifu kuti mnzawo akaswali, Lamulungu a Sharifu ankabweza kuti a Potiphar akapemphere. Atakumananso pageti limodzi ku Dubai sanachite kukambirana, anangopitiriza. Ndipo anali atagwirana chanza kalekale kuti amene adzatsale adzaima pa maliro a mnzake atavala zonse, mabatani akuwala, n'kumuchitira sawatcha.

A Sharifu anagwa Lamulungu masana, pageti, dzuwa likuswa mtengo, ataimirira m'malo mwa a Potiphar. Akuchipatala anati ndi mtima. Nthawi imeneyo a Potiphar anali akuimba nyimbo yotsekera mapemphero, foni ili yozimitsa m'thumba.

Achibale ku Machinga anati mtembo usavutike ndi ndege, auike komweko monga mwa chipembedzo chawo. Taibu, mlamu wa malemuyo amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu, ndi amene ankathamanga ndi mapepala. Anati akangotuluka awaimbira.

Selinah sanapemphe tchuthi, anangouza. Madamu, mwini nyumbayo, atayamba zoti ana atsala ndi ndani, iye anati ana ali ndi mayi wawo, wakufa alibe. Anatsitsa thumba lija pachitseko n'kukwera nalo basi kupita ku Naif, kwa telala wina wa ku Pakistan, kuti akasokerere batani limene linkagwedera ndi kusita zonse bwinobwino. A Potiphar anamupeza komweko.

"Yesani kaye," anatero Selinah. "Mwina mimba ya mpunga wa biriyani yakana."

A Potiphar analowa kuseri kwa katani. Atatuluka, nthabwala ija inamuuma Selinah m'kamwa.

Jekete imeneyo inasokedwa poyeza thupi lawo. Kale akaivala ankachita kukoka mpweya kuti batani lapakati lilowe. Tsopano mapewa ake anali atagwa, manja ataphimba zala, khosi lili pakati pa kolala ngati munsi mumtondo. Mamendulo ankakokera nsalu pansi chifukwa panalibe chifuwa chowanyamula. Lamba anazungulira mpaka kupitirira bowo lomaliza.

Selinah ankawaona Lamulungu lililonse, inde, koma m'malaya otaya a kutchalitchi, atakhala pambali pake, onse maso kuguwa. Munthu wokhala pambali pako sumuona. Anakumbukira mbale zimene ankabweza zosatha, ndi mawu awo akuti kunja kukutentha, chakudya sichilowa.

"Zayamba liti?"

"Ziti?"

"Musandipusitse, abambo a Wendy. Thupi lanu lapita kuti?"

"Ndi dzuwa la kuno."

"Dzuwa la kuno likuwotcha inu nokha? Ine bwanji silikundidya?"

A Potiphar anayang'ana pagalasi n'kukonza chipewa. "Ili bwino choncho. Angoisita."

"Simupita chonchi. Anthu akaone chidole choopsezera mbalame m'munda wa mapira? Vulani."

Telala anayeza, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti mawa, inshallah. Selinah anati mawa ndi la amoyo. Telala analoza mulu wa nsalu za anthu ena. Selinah anakhala pamulu pomwepo, chikwama pamiyendo, n'kumuuza m'Chingerezi chake chothyokathyoka kuti nsaluzo aziona iye akadzukapo. Telalayo anaseka, anadandaula m'chinenero chake, kenako anatenga lumo n'kuyamba kusomola ulusi. Atachotsa manja a jekete ndi kutsegula msana, anatenga sizasi.

"Ayi," anatero Selinah, atagwira dzanja lake. "Osadula. Upindire mkati."

Telala anafotokoza ndi manja kuti kudula n'kwachangu, kupinda nsalu yokhuthala chonchi kumafuna singano ya pamanja, pang'onopang'ono.

"Pinda. Anenepanso awa. Ndidzaitenga kuti nsalu ina?"

Foni ya a Potiphar inalira jekete ili zidutswa pathebulo. Anali Taibu, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pamene Selinah anakhala.

"A Sajeni, mapepala atuluka. Tiika ikangotha swala ya madzulo ano. Nyamukani pompano, yalla."

A Potiphar anaimirira n'kuyamba kufunafuna malaya awo. "Tiyeni, amake Wendy. Ndipita mmene ndililimu."

"Munalonjeza yunifolomu. Simunalonjeze malaya a mlonda."

"Anzathuwa sachedwa poika."

"Ndikuwadziwa Asilamu ine, ndakula nawo ku Balaka. Koma maliro ake ati anayambapo pa nthawi yake? Alankhule achibale, alankhule abwana a kampani, shehe alalikire, wina akomoke amuthire madzi. Ndipo kuno ndi ku Dubai, paliponse pali mzere. Ngakhale kumanda mukapeza mzere. Khalani pansi."

Telala, atamva mawu akuti swala n'kuona nkhope zawo, anafunsa ngati ndi maliro a lero. Atauzidwa, anakweza manja n'kunena kuti apite tsopano, jekete idikira, wakufa sadikira. Selinah anamuuza kuti pakamwa pakepo pasasoke, manja ndiwo asoke.

A Potiphar anayang'ana chitseko, anayang'ana zidutswa zija. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akumvera malamulo, atamva mawu olamula, anakhala pansi. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta mamendulo imodzi imodzi.

Mzikiti wapafupi unaitana jekete ili ndi dzanja limodzi. Telala sanapite kukaswali, anapitiriza kusoka, milomo ikuyenda. Selinah ankamupatsira mapini. Mumtima ankadziwa kuti si anthu amene ankawaopa. Ankafuna jekete igwire thupi lija kuti iye mwini asaonenso zimene anaona.

Itatha inawakhala ndithu. Mapewa anabwerera m'malo mwake. Koma anali msilikali wamng'ono, ngati mng'ono wake wa amene Selinah anakwatiwa naye.

Panali vuto lina limene Taibu anali atawachenjeza kale, lakuti dziko la eni sungayende mumsewu ndi zovala za asilikali a kwanu, apolisi angakufunse zambiri. Telala anavula mkanjo wake wotuwa umene unali pa msomali n'kuwaveka pamwamba. Anati adzabweze akadzadutsa. Chipewa Selinah anachiika m'chikwama chake.

Takisi inakakamira pa mzere wa magalimoto potuluka mu Deira. Selinah anakalipira dalaivala, anakalipira maloboti, anakalipira lole imene inali kutsogolo. A Potiphar anangokhala chowongoka, manja pamaondo, thukuta likutsika m'khosi.

Atafika, amuna anali akutuluka pageti la manda, akusasa mchenga m'manja. Ena anali kale m'basi ya kampani. Taibu anawaona n'kubwera, maso ali ofiira.

"Mwachedwa, a Sajeni. Taika."

"Kale?" anafunsa Selinah. "Osalankhula munthu?"

"Alankhule chiyani, mayi? Taswali, tanyamula, taika. Ndinayang'ana pageti mpaka dothi lomaliza."

A Potiphar sanayang'ane mkazi wawo. Zikanakhala bwino akanamuyang'ana, ngakhale kumutukwana kumene. Anangofunsa kuti, "Wagona pati?"

Taibu anaona kolala ndi nsonga ya mendulo pakhosi pa mkanjo. Anatsitsa mawu. "Muno mulibe sajeni, mulibe kopolo. Aliyense walowa ndi sanda yoyera. Zimenezo si za muno."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndingoima pang'ono."

"Mlonda wa manda ano akaona, ndi ine amene ndilowe m'mavuto."

Selinah analowa pakati pawo. "Iwe Taibu, tamvera. Alamu akowo anafa ataima pageti la bambo awa. Wawachedwetsa ndine, osati iwo. Ukafuna wokalipira, ndili pano, undikalipire mpaka mawa. Koma awa uwatengere kwa mnzawo. Mlondayo ukamuuze kuti ndi m'bale wachedwa ndi basi. Sunama."

Taibu anapukuta nkhope ndi dzanja. Anapita kukalankhula ndi mlonda, anabwerako n'kunena kuti amuna okha, ndipo asachedwe. Selinah anatulutsa chipewa n'kuchilowetsa m'manja mwa amuna ake mobisa, ngati akuwapatsa chakudya cha pa ulendo.

Selinah anatsala kunja, atagwira zitsulo za mpanda zimene zinali zikadali zotentha. Manda a kumeneko alibe maluwa, alibe mitanda, alibe mtengo woti mayi akhale pansi pake alire. Ndi mchenga wokhawokha ndi timiyala tating'ono m'mizere. Anawaona awiriwo akuyenda mpaka pa mulu umene unali wakuda kuposa inzake chifukwa cha madzi amene anathirapo.

Taibu anatembenuka n'kuyang'ana kwina. A Potiphar anavula mkanjo, anaupinda bwinobwino n'kuuika pansi. Anavala chipewa, anachikokera mbali imodzi. Anagunditsa zidendene, koma mumchenga simunamveke kanthu. Dzanja linakwera.

Kwathu pakanakhala lipenga, pakanakhala mfuti zolira m'mwamba ndi mbendera pabokosi. Apa panali phokoso la malole mumsewu waukulu ndi bambo mmodzi woonda, mabatani akuwala padzuwa lopendeka. Selinah anaona chigongono chikutsika, iwo n'kuchikwezanso. Anafuna kukuwa kuti basi, khalasi, wakuonani, tsitsani. Anangoluma nsonga ya mpango wake.

A Potiphar anatsitsa okha pamene anafunira. Anawerama, anatapa mchenga pang'ono n'kuuwaza pa mulu paja, poti dothi la mnzawo sanaponye nawo. Podzuka anadzandira, ndipo Taibu anawagwira pamkono.

Taibu anawatenga pa galimoto yake. Anakhala atatu kutsogolo, Selinah pakati, jekete ili pamiyendo pake chifukwa a Potiphar anati ikuwalemera.

"Ndikanakumverani," anatero Selinah atayenda mtunda, maso ali kumsewu.

"Ndamuchitira. Sharifu sanali munthu wowerengera mnzake nthawi. Ndinkachedwa kumulandira pageti, iye n'kumangoti abusa anatalikitsa."

"Mawa tikupita kuchipatala. Musanditsutse, ndatopa."

"Mawa ndili pa ntchito."

"Ntchito ya chiyani? Geti limenelo ladya kale munthu mmodzi."

A Potiphar anayang'ana jekete ija. Anaisisita pa phewa ndi zala ziwiri.

"Wasoka bwino mnyamata uja. Muisunge momwemo. Yatsala kamodzi."

"Tsekani pakamwa panu, a Sajeni."

A Potiphar anatsamira galasi n'kutseka maso. Selinah analowetsa dzanja mkati mwa jekete, kumsana, kumene telala anapinda nsalu. Inali yambiri, yokwana chikhatho chake chonse mbali iliyonse. Anaigwira zolimba, ndipo sanaisiye mpaka anafika ku Ras Al Khor.