Bedi la Apongozi Lakana Kukhala Pansi

Adokotala sanapite m'mbali. Apongozi ake a telala atuluka m'chipatala Lachisanu, koma akakagonanso m'chipinda chozizira chija, chibayo chidzabwerera, ndipo ulendo uno sichidzabwera kudzacheza.

Chipindacho chinali chopapatiza, chakumapeto kwa nyumba kumene mphepo imafikira. Ukagwira khoma nyengo yozizira, dzanja limachita dzanzi. Telala anaitana mmisiri, mmisiri anati abwera sabata yamawa. Sabata yamawa ya amisiri tonse timaidziwa. Basi telala anatseka shopu, nakagula masiponji olimba otchingira kuzizira, timatabwa ndi mabolodi opyapyala.

"Khomali likungofuna jekete," anauza mkazi wake. "Nanga ine ntchito yanga n'chiyani?"

Anatulutsa katundu yense. Masiku atatu anali kukhoma timatabwa, kulowetsa siponji pakati, kuphimba ndi bolodi. Hamala inamuphwanya chala kawiri, fumbi linamutseka kukhosi, ndipo siponji ina anaidula mokhota mpaka anaitukwana ngati ikumva. Koma Lachisanu m'mawa anatseka chitseko, naima pakati pa chipinda, namva kufunda. Anadzitama mumtima, osabisa.

Kenako anabweretsa bedi. Linalowa chopendekeka monga momwe linatulukira, koma kuti likhale pansi, linakana. Miyendo iwiri inali m'malere, mbali ina itakakamira pa bolodi latsopano. Anakankha, anatembenuza, anakankhanso. Thukuta kamukamu, m'nyumba yozizira!

Mkazi wake anatenga tepi pakhosi pa mwamuna wake nayeza yekha. Kale bedilo linkadzaza chipinda kuchokera khoma ili mpaka ilo. Tsopano khoma lililonse linali litadya mainchesi anayi.

"Bambo, inu amene? Tsiku lililonse mumauza anthu kuti jekete ukaika nsalu ya m'kati limachepa. Lero mwaiwala?"

Telala anapsa mtima, makamaka poti mkaziyo amanena zoona.

"Tiwagulira bedi laling'ono."

"Muwauze nokha. Bedi limeneli anapanga ndi manja awo chaka chimene anakwatira amayi. Amayi anatsirizikira pomwepa."

"Ndiye ndiphwasule khoma limodzi?"

"Kuti abwerere kuchipatala?"

Akadali mkati mokangana, galimoto inaima panja. Apongozi aja analowa pang'onopang'ono atafunda bulangete, akutsokomola. Anagwira khoma, nasiya dzanja pamenepo kanthawi. Kenako anayang'ana bedi lake litapachikika. Telala analakalaka pansi patang'ambika.

"Apongozi, pepani. Ndinayeza makoma, koma..."

"Mwafunda muno," anatero mkuluyo. "Mwagwira ntchito, apongozi. Macheka muli nawo?"

"Ababa, ayi!" anatero mwana wawo.

Mkuluyo anatembenukira kwa telala. Anapempha choko cholembera nsalu chimene chinali m'thumba la telala. Anazungulira bedi, napita mbali ya kuzenera, nalemba mzere kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Mzerewo unawongoka bwinobwino.

"Dulani apa. Uku kunkagona mayi ake a mkazi wanuyu. Ine zaka zisanu ndi chimodzi sindinagudubukirekonso."

Anabweza choko chija. Telala anatenga macheka.

"Dikirani kaye," anatero mkuluyo ali pakhomo. "Mwanawe, ndiperekeze kukhitchini, ukatsegule wailesi. Ukweze ndithu, ndisamve machekawo."