Fani ya Madala

Zaka makumi atatu Madala akuwotcherera zitsulo ndi ndodo zamagetsi, lero akuti akhale pansi aphunzire. Kampani inali itagula makina a waya ndi gasi, ndipo kapitawo ananena mosapsatira kuti wolephera mayeso Lachisanu akagwira tsache. Mphunzitsi wake, mwa anthu onse, anali mkamwini wawo, yemwe uja anabwera kudzafunsira mwana wawo.

"Apa palibe ndodo, Bambo," anatero mkamwiniyo Lolemba. "Mukakanikiza apa, waya amatuluka yekha. Gasiyu amaphimba chitsulo chosungunuka kuti mphepo isachikhudze."

Madala anagwedeza mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mwana wadzana angawauze chiyani? Anayatsa fani yawo, imene sankasiyana nayo chifukwa chodana ndi thukuta, n'kutsitsa chigoba choteteza maso.

Msoko umene anawotcherera unatuluka uli mabowo okhaokha ngati chisa cha njuchi. Tsiku limenelo ananyoza waya. Lachiwiri ananyoza gasi. Lachitatu, atasowa chonyoza, anayang'ana manja awo n'kuwafunsa ngati anakalamba osatsanzika.

Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mkamwini akabwera kudzaima phee kumanzere kwawo, msoko unkatuluka wosalala. Akangochoka, mabowo. Ndiye kuti ine, katswiri wa dzulo, ndafika pofuna mlezi? Manyazi anawagwira, ndipo tsache lija ankaliona kale lili m'manja.

"Pita ukaone ena, sindine khanda," anamukalipira Lachinayi.

"Chabwino, Bambo," anayankha mkamwini akuyetsemula, koma sanasunthe.

Lachisanu kapitawo anauza mkamwini kuti akaime pakhomo, patali ndi olemba mayeso. Madala anayatsa fani. Asanatsitse chigoba, anamva mphepo ikuwomba dzanja lawo mpaka pachitsulo, zomwe sizinkachitika mkamwini akakhala pafupi. Anayang'ana pamalo pomwe iye ankakonda kuima: pakati penipeni pa fani ndi chitsulo. Kenako anayang'ana pakhomo. Mkamwini anali ndi kansalu pamphuno, maso ali psuu ndi chimfine.

Apo m'pamene mawu a Lolemba aja anafika, atayenda masiku anayi. Fani ndiyo inkauluza gasi. Sabata yonse mwana wa eni ankatchinga mphepo ndi msana wake, kuopa kuchititsa manyazi apongozi ake pagulu.

Madala anazimitsa fani. Thukuta linatsikira m'maso n'kumawawa, koma dzanja linayenda bwinobwino mpaka kumapeto. Kapitawo anatembenuza chitsulocho, kuchigogoda, kuchiyang'ananso.

"Mwakhoza, Madala."

Potuluka anaima pakhomo paja. Anafuna kuthokoza, koma pakamwa panatuluka zina.

"Nanga iwe osanena bwanji?"

"Ndinanena Lolemba, Bambo," anatero mkamwini, n'kutembenukira kumbali kuti ayetsemule.