Msana ndi Umodzi

Msana wa munthu ndi umodzi basi, ndipo pa esiteti msanawo ndi wa dengu. Lestina ankazidziwa zimenezi, koma akanatani? Alamu ake omugwirira mwana anali atapita kumaliro ku Goliati. Ndiye m'mawa uja, nkhungu isanachoke pa tiyi, anayala chitenje pa udzu wa m'mphepete mwa munda n'kugonekapo Tisungane, khanda loti silinayambe n'kukwawa komwe.

Atangoyala, tiagulugufe totuwa ta m'udzu tinangoti balala.

"Iwe, osamugoneka pamenepo," anatero Miriam, mnzake wa mzere woyandikana. "Timeneto ndi amayi ake a chiyabwe. Pamene pali ito, ana ake sakhala patali."

"Nanga ndimuike kuti? Pamutu?"

Akapitawo anali atayamba kale kukuwa. Lestina anabereka dengu n'kulowa mumzere. Manja ankathyola okha, koma makutu anatsala ku udzu. Mzere nawo, abale, sudziwa kuti uli ndi mwana. Umangokutenga kupita nawe kutali. Mantha anamugwira. Si mu udzu momwemuja anaphamo njoka sabata yatha?

Kenako kulira. Osati kwa njala ayi, kumeneko amakudziwa. Uku kunali kolasa mtima.

"Mayo mwana wanga ine!"

Anathamanga, dengu n'kugwa, masamba onse mbwee. Kamkono ka Tisungane kanali psuu, kotupatupa mpaka m'khosi. Lestina anakatembenuza uku ndi uku kufuna pamene palowa mano, maso osaona bwino ndi misozi.

Miriam anafika n'kukutumula chitenje. Panagwa chiyabwe chakuda bii, ubweya uli nyankhalala.

"Si njoka, mwali. Ndi ichi."

 Lestina anangokhala pansi n'kumupatsa mwana bere, Miriam akuzula tiubweya tija kamodzikamodzi. Mwana analira, analira, mpaka anatopa.

Akapitawo anabwera, chipewa m'manja. Sanali munthu woipa.

"Pepani, mayi. Komatu galimoto ya sikelo siidikira."

Lestina anabereka mwana, kumanga chitenje zolimba. Anatolera masamba aja, kunyamula dengu, n'kuima nalo m'manja. Kunyumba ufa unali utatha dzana. Anayang'ana mzere wake, anayang'ana udzu.

Anayenda pang'ono kufuna malo abwinoko, napeza pamene udzu unali wamfupi. Anamasula mwana, milomo ikupemphera, n'kuyala chitenje.

Tiagulugufe tinangoti balala.