Chithunzi cha Pabalaza

Tsiku limene mtsogoleri wa dziko anapereka makiyi a nyumba ya boma, atolankhani ankadikira misozi, koma anagwira fuwa la moto. Mayiyo anagwirana chanza ndi amene anamugonjetsa pachisankho, n'kukwera galimoto yopanda mbendera kupita kwa amayi ake. Anatsogolera dziko zaka khumi, ndipo pazaka zonsezo kwa amayi akewo anagonako kawiri kokha.

Anamutsegulira chitseko ndi mkulu wake, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wosadziwa kubisa Chichewa.

"Basi akuchotsa ntchito? Lowa, mbale zikukudikira. Koma ndikuuziretu, amayi mutu unayamba kuwathawa. Usadabwe."

Anawapeza pabalaza atakhala pampando, maso ali kukhoma. Pakhomapo panali chithunzi chake cha boma, chija chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masukulu: diresi yobiriwira, mpango kumutu, lamba wa utsogoleri wodutsa paphewa. Ku ofesi kwake kunali kachizolowezi: ulendo wa kwa amayi ukalephereka, mlembi ankatumiza chithunzi chatsopano chosainidwa, chopepesera. Iye ankangovomera ndi mutu, maso ali pa mafayilo. Zithunzi zisanu ndi ziwiri zinali kuseri kwa kabati, chachisanu ndi chitatu chili pamsomali.

Anagwada. "Amayi, ndabwera."

"Zikomo, anamwino," anatero amayi mwaulemu. Kenako anatembenukira kuchithunzi. "Kanyerere, tawalonjera alendo."

Kanyerere linali dzina limene anamupatsa ali mwana, poti sankakhala pansi. Panalibe wina padziko lonse amene ankamutchula choncho, ndipo tsopano dzinalo linali la pepala.

Kwa masabata atatu anawasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwawenga zikhadabo. Amayi ankathokoza bwinobwino, monga momwe munthu amathokozera mwana wa eni. Koma m'mawa uliwonse ankapukuta galasi la chithunzi ndi nsonga ya nsalu, n'kumachiuza za nyamakazi, za denga lodontha, za mnzawo amene wamwalira. Mayi amene anapirira kutukwanidwa m'nyumba ya malamulo osaphethira ankakalirira kubafa, mpopi atautsegula kuti asamveke. Zinkamupweteka kwambiri. Sankafuna zambiri ayi, ankangofuna kuti amayi ake amutchule dzina lija kamodzi kokha.

Dokotala atanena kuti mtima wa amayi watopa ndipo masiku atsala owerengeka, mkulu wake anabwera ndi nzeru.

"Diresi ija uli nayo? Vala. Mwina akakuona mmene amakudziwira, akumbuka."

"Achemwali, lamba ndinabweza ku boma."

"Boma la m'nyumba muno ndine," anatero mkuluyo, n'kudula mpendero wa katani kuti ukhale lamba.

Masana amenewo anapachula chithunzi, iye n'kuimirira pansi pa msomali, diresi ikumuthina m'khwapa. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anawala, ndipo mtima wake unagunda ngati wa mwana wodikira zotsatira za mayeso. Amayi anagwira mikono ya mpando, n'kudzuka movutikira, akukonza nsalu yawo.

"Bwana mtsogoleri! Mwatipeza osakonzeka."

"Amayi, ndine..."

"Ndikukudziwani, bwana. Sakudziwani ndani?" Anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Ndili ndi pempho limodzi. Mwana wanga amagwira ntchito kwanuko. Ndi wolimbikira, sadziwa kupuma. Mumupatseko tchuthi, ngakhale cha masiku awiri, adzandione ndisanatsikire kuli chete."

Mkulu wake, wa pakamwa posatseka uja, anatuluka panja atagwira kukamwa.

Iye anafunafuna choti anene. Anali atalankhulapo m'mabwalo odzaza anthu popanda pepala m'manja, koma apa mawu onse anamuthawa. Anatsala ndi aja okha amene lilime linazolowera, amene anayankhira anthu zikwizikwi obwera ndi madandaulo.

"Tiona chochita, mayi."

Amayi anamusiya dzanja pang'onopang'ono, n'kubwerera pampando wawo.

"Alembi anu amateronso," anatero, osati mokwiya. Anayang'ana msomali uli wokha pakhoma. "Mukamapita, bwana, mundibwezerepo mwana wanga pamenepo."

Anatola chithunzi, n'kuchipachika yekha.