Chikasu M'maso mwa a Gideoni

Pakamwa pangapa sipasunga kanthu, ndipo mudzi wonse umadziwa. Amuna anga, a Gideoni, ankandiseka kuti ine Nellie ndikanakhala wailesi, mabatire bwenzi akutha tsiku lomwelo.

Matenda awo anayamba nthawi yosoka fodya. Tili m'chigafa ndinawapatsa mbatata yootcha. Analuma kamodzi n'kuima chilili, dzanja lili pachifuwa, akuti yaima panjira. Kenako nyama inayamba kukana, nsima nayonso, mpaka munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anatsala pa phala losefa ngati khanda. Lamba anaboola mabowo atsopano mpaka anangomusiya.

Ine kwathu ndi ku Nambuma. Kuno kwa Kabudula ndinabwera chitengwa, ndiye abale onse otizungulira ndi a amuna anga. Wamkulu pa akazi ndi mlongo wawo, alamu anga a Lines, munthu wosaseka pachabe.

Kuchipatala cha ku Namitete atawaona anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko anawalowetsa kachingwe ka kamera kummero, n'kupeza chotupa. Anati ndi khansa. Anawaika kapaipi kuti phala lizidutsa, ndipo dokotala wina wachitsikana, a Lusungu, anapempha kanyama pang'ono ka chotupacho kuti akafufuzire. Ine ndiye ndinayamba mafunso, mwandidziwa kale.

"Mukufufuza chiyani, poti mwaipeza kale?"

"Tikufuna tidziwe mmene imayendera, mayi," anatero a Lusungu. "Mukadzicheka ndi mpeni, balalo limatulutsa kafungo koitana asilikali a m'magazi. Asilikaliwo ali ndi timphuno tawo, amalondola kafungoko mpaka pabala. Vuto ndi loti khansa nayo imamera timphuno tomweto. Tizidutswa take tikalowa m'magazi timayenda tikununkhiza, ndipo chiwindi chimatulutsa kafungo kamene timakonda."

"Ndiye titsekeni timphunoto!"

"N'zimene tikufufuzazo. Sizinafike poti n'kupatsa munthu." Anandiyang'ana ine, osati odwalawo. "Mukadzaona m'maso mwawo mwachita chikasu, mwina yafika kuchiwindi. Musadzachedwe nawo kunyumba. Kuchiza sitingathe, koma ululu tikhoza kuuchepetsa."

Njira yonse mu minibasi ndinkangoganiza za kanthu kakununkhiza m'kati mwa amuna anga ngati galu wa alenje.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi abale anadzaza pakhonde kudzazonda. Analipo a Lines, analiponso amalume awo a Harrison, amene ndiwo eni mbumba. Anafunsa kuti achipatala anena zotani. Munthu wanzeru akanangoti akulandira chithandizo. Koma ine, ha! Ndinakhuthula zonse: za timphuno, za kafungo, kuti ichoka kummero ipita kuchiwindi, ndi kuti maso adzachita chikasu.

Abale anayang'anana. Kwathu kuno munthu sunena za mawa za wodwala, chifukwa amati wodziwa kumene nthenda ikulowera ndi amene anaituma. Ndinakumbukira zimenezi mawu atatuluka kale.

"Kodi alamu," anatero a Lines mofatsa, "nthendayi inakuuzani yokha njira yake?"

"Ananena ndi adokotala," anayankha a Gideoni ndi mawu osasa. "Ndinalipo ine."

A Lines anangokunga chitenje. Potuluka pampanda ndinawamva akuuza a Harrison kuti, "Tiona. Chikasucho chikadzafika monga anenera, tidzadziwa zochita."

Chimanga chisanaume mawu a amuna anga anatheratu. Akatsegula pakamwa pankangotuluka mpweya. Mboni yanga inali yomweyo, ndipo inali itakhala chete.

Zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Ndikafika pamjigo nkhani zinkaduka. Amayi a Chigwirizano, anzanga oimba nawo, ankadzapemphera ine ndikakhala kudimba. A Lines anayamba kubwera m'mawa uliwonse, n'kutapa phala la odwala ndi supuni, kuthirira nkhuku pansi, n'kuima kudikira kuti aone ngati igwe. Phala langa ine, lophikira bambo wa ana anga! Tsiku lina anabweretsa lawo, lolimba, losasefa. A Gideoni anatsamwa nalo mpaka misozi, ndipo ndinachita kuwalanda kapu m'manja alamu angawo.

"Mukufuna azidya cha m'manja mwanu mokha, eti?" anatero a Lines.

Zinandiwawa koopsa, koma ndinkadziwa kuti akandichotsa pano palibe amene angasefe phalalo kawiri, kapena kuwakhazika amuna anga tsonga akamamwa kuti kapaipi kasatseke. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti ndiwadwazike ndekha mpaka pomaliza.

M'mawa wina ndikuwasukusula kumaso pafupi ndi zenera, ndinachiona. Koyera kwa diso kunali kutachita chikasu ngati dzungu. Nsalu inagwa m'manja mwanga.

"Bambo a Bright," ndinanong'ona, "tiyenera kupita kuchipatala."

Anandiyang'anitsitsa, ndipo ndinadziwa kuti amva zonse. Kupita kuchipatala ndiye kukwera ngolo masana, pakati pa mudzi, aliyense akuona. Anapukusa mutu. Kenako analoza chitenje changa, n'kuloza zenera.

Ndinatchinga zeneralo. Kuyambira tsiku limenelo, akangomva mapazi pakhomo ankatsinzina. A Lines akalowa ankapeza achimwene awo ali mtulo. A Harrison akabwera, mtulo. Abusa anapemphera pemphero lonse kwa munthu wotseka maso, n'kuyamikira kuti akupumula bwino. Alendo akatuluka ankatsegula n'kundimwetulira, ngati ana awiri amene aba nzimbe. Ine ndinkamwetuliranso, koma mumtima ndili ndi mantha.

Kanthu kaja kanali katafika ndithu. Mimba inayamba kutupa mbali ya kumanja. Thupi linkawayabwa, ankadzikanda mpaka magazi. Ululu ukawagwira ankaluma bulangete kuti akunja asamve, thukuta lili chuchuchu. Ndinkawapempha kuti tipite, iwo n'kumangogwira dzanja langa mwamphamvu, akupukusa mutu. Munthu ankapirira zonsezo kuti ine ndisathamangitsidwe.

Tsiku limene ndinapeza bulangete litabooka ndi mano, ndinalephera kupirira. Ndinakoka chitenje pazenera, dzuwa linalowa lonse, ndipo ndinaima pakhomo n'kukuwa.

"Alamu! Amalume! Mangani ng'ombe, munthu akuvutika kuno!"

Anabwera akuthamanga. A Gideoni anali atatsinzina zolimba, zikope zikunjenjemera. A Lines anagwada pamphasa.

"Achimwene, tatsegulani maso."

Sanatsegule. A Lines anaika chala chachikulu pachikope n'kuchikweza. Anayang'ana nthawi yaitali. Anangodzuka, n'kuyang'ana a Harrison, a Harrison n'kuyang'ana pansi.

Ngolo inafika. Azibambo anawanyamula n'kuwagoneka pamatiresi. Ine ndinatenga kapu, sefa ndi botolo la phala, ndipo ndinali nditaponda kale pamatayala pamene a Harrison anandigwira mkono.

"Tsikani, mayi. Apita ndi mlongo wawo."

"Amalume, phalalo sadziwa kusefa kwake! Kafunseni adokotala, dzina lawo a Lusungu, akakuuzani kuti ananena ndi iwo!"

"Kwanu ku Nambuma tatumiza kale uthenga. Abwera kudzakutengani."

Kani uthenga unali utapita chikasu chisanaoneke n'komwe. Ndinapereka sefa ndi botolo kwa a Lines, ndikuwachonderera kuti aziwakhazika tsonga pomwa. Anazilandira, n'kuziika pansi pambali pa msewu.

Ng'ombe zinanyamuka. Apo m'pamene a Gideoni anatsegula maso, poti panalibenso chobisa. Anali achikasu onse awiri, ndipo anandiyang'ana ine ndekha mpaka ngolo inakhota kuseri kwa chigafa. Nditatembenuka ndinapeza anyamata a pamudzi akhala kale pakhomo pa nyumba yanga kuti ndisalowe, ndipo nkhuku zinali zitagwetsa botolo lija, zikujompha phala.